Makalata 7,000 ofunsira mphaka mmodzi ndi ana ake

Pa ziweto zonse za pakhomo, mphaka ndiye amene sawerengedwa. Munthu akafunsidwa za cuma cake amayamba ndi ng'ombe, nachula mbuzi, nkhumba, nkhuku ngakhale nkhunda zimene. Galu amakumbukika cifukwa amalonda usiku ndipo amaperekeza mbuye wake ku uzimba. Koma mphaka salowa m'ciwerengero. Salipira mlandu, saperekedwa pa malowolo, ndipo mwini wake akamwalira palibe acibale amene amakangana kuti amtenge ndani. Amangokhala pafupi ndi mafuwa, kudya zotsala, ndi kugwira nchito yake usiku pamene onse ali m'tulo. Tsono nkhani yakuti kunalembedwa makalata okwana 7,000 opempha mphaka mmodzi ndi ana ake, mphaka wake wopanda mwini, wopsa nkhope ndi wodukaduka makutu, ingamveke ngati nthano ya pamoto madzulo. Koma zinacitikadi, m'caka ca 1996, mu mzinda wa New York m'dziko la America, ndipo mmene anthu anasankhira kalata imodzi pa mulu wonsewo ndi nkhani yoyenera kuimva bwino.

New York ndi mzinda waukulu wogawidwa m'zigawo zisanu, ndipo cimodzi mwa izo ndi Brooklyn, kumene kumakhala anthu opitirira mamiliyoni awiri. Kumeneko amphaka opanda eni ndi ambiri. Mphaka wotayidwa kumudzi amakhala ndi kothawira: amalowa m'chire nagwira mbewa, abuluzi ndi mbalame, ndipo anyamata okumba mbewa amamdziwa bwino cifukwa amalimbirana naye ndiwo. Wa mu mzinda alibe chire. Amadya za m'migolo ya zinyalala, amagona m'nyumba zogumuka ndi kunsi kwa magalimoto, ndipo nyengo yozizira ikafika, pamene madzi amaundana nkukhala ngati mwala, ana awo ambiri amafa. Mwezi wa March kumeneko ndiwo mapeto a nyengo imeneyo, ndipo usiku kumakhala kukali kuzizira kolowa m'mafupa.

Mmodzi wa amphaka amenewa anali wamkazi wa mawanga a mitundu itatu, oyera, akuda ndi ofiirira. Mphaka wa maonekedwe otere pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi. Iye anapeza nyumba yosungiramo galimoto imene eni ake anali ataisiya, nabisa mmenemo tiana take tisanu. Kuti zotsatirazi zimveke bwino, nkofunika kukumbukira mmene mphaka amalerera. Amakhala ndi bere kwa masabata asanu ndi anai, ndipo tiana timabadwa tosaona ndi tosamva. Maso amatseguka patapita sabata limodzi kapena masiku khumi. Pofika masabata anai, msinkhu umene tiana timeneti tinali titafikapo, timayamba kuyenda mwadzandidzandi, koma sitingathamange, ndipo sitidziwa ngozi. Make akafuna kutisamutsa amaluma cikopa ca kumbuyo kwa khosi, kamwana nkungolobodoka, kupinda miyendo ndi kukhala cete mpaka atakatula. Mai aliyense amene anaonapo mphaka akucotsa ana m'khichini kupita nawo kunsi kwa nkhokwe akudziwa cinthu cimodzi: satenga awiri nthawi imodzi. Alibe mbereko, alibe dengu. Ana asanu ndi maulendo asanu.

Kumapeto kwa mwezi wa March 1996 nyumba ija inagwira moto. Ozimitsa moto a mzinda wa New York anafika ndi magalimoto awo, ndipo sanacedwe kuuzima. Moto utazilala, mmodzi wa iwo anapeza tiana tisanu tili panja, tonse tamoyo, ndi make ali pomwepo. Makeyo anali womvetsa cisoni. Maso ake anali atatsekeka ndi matuza, makutu atapserera, mapazi atapsa, ubweya wa pathupi utawauka, ndipo wa kumaso utatsala pang'ono kutheratu. Kwa munthu wozolowera moto zilonda zotere zinali kudzifotokozera zokha. Wothawa amapsa kumsana ndi kumcira. Uyu anapsa kumaso.

Amene anaonapo moto wa m'chire m'mwezi wa September kapena October akudziwa mmene zamoyo zimacitira. Akalulu, njoka, mbewa, nkhwali, zonse zimathamangira mbali imodzi, ndipo palibe imene imabwerera. Kuopa moto ncinthu cimene nyama iliyonse imabadwa naco. Mphaka uyu anabwerera, ndipo anabwerera mobwerezabwereza. Ulendo woyamba mwina unali wopepuka, wa utsi wokha. Koma pa uliwonse wotsatira anali kulowa akudziwa kale kupweteka kwake, akuponda pansi potentha ndi mapazi amene anali atayamba kusupuka. Ndipo popeza ana amanyamulidwa pakamwa, nkhope ndiyo inali kutsogola. Atatulutsa kotsiriza, maso ake sanathe kuona, cotero anakhudza kamwana kalikonse ndi mphuno yake, kamodzikamodzi, ngati mbusa wowerenga mbuzi pakhomo la khola madzulo. Atatha kutero anagwa nakomoka.

Anthu ophunzira amatsutsana ngati nyama imakonda monga mmene munthu amakondera. Ena amati ndi cibadwa cabe, cimene cimakokera mphaka kwa ana ake monga njala imamkokera ku mbale. Acipatse dzina lililonse limene afuna. Mapazi opsawo sasintha ndi dzina. Ndipo pa nkhani ino mkangano umenewo suli wofunika kwenikweni, cifukwa mbali ya mphaka inathera pomwepo pamene anakomoka. Zonse zotsala zinali m'manja mwa anthu.

Woyamba anali wozimitsa moto uja. Nchito imene anaitanidwira inali itatha, ndipo palibe amene akanamuimba mlandu akanati akwere galimoto nkubwerera. Mphaka wopsa cotere, wosiyidwa pamenepo, sakanafika kutali, ndipo tiana toyamwa tikanatsatira make pasanapite masiku ambiri. Iye anatola banja lonselo napita nalo ku cipatala ca nyama ca bungwe lochedwa North Shore Animal League, m'tauni ya Port Washington, pa cilumba ca Long Island, kum'mawa kwa mzindawo. Khomo limene anagogoda linali lofunika. M'dziko la America muli nyumba zambiri zosungiramo agalu ndi amphaka osocera, ndipo m'zaka zimenezo zambiri mwa izo zinali kupha ndi jekeseni nyama zimene zasowa wozitenga, mamiliyoni caka ciliconse, cifukwa malo anali ocepa. Mphaka wamkulu, wa mumsewu, wofuna mankhwala a ndalama zambiri, akanakhala pakati pa oyamba kuphedwa. Koma bungwe ili, limene linayamba m'caka ca 1944, limadziwika ndi lamulo lakuti silipha nyama cifukwa congosowa mwini.

Madotolo a ziweto anamsamala miyezi itatu. Cilonda ca moto cimapha m'njira ziwiri: thupi limataya madzi kupyolera pa malo opsa, ndipo tizirombo timalowa pamene cikopa cacoka. Cotero wodwala wotere amafunika kutsukidwa, kupakidwa mankhwala ndi kumwetsedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mphaka sungamuuze kuti apirire monga umauzira munthu. Pang'ono ndi pang'ono kutupa kunaphwa, maso anatseguka, ndipo zinapezeka kuti akali kuona. Ubweya wa pathupi unameranso. Koma nsonga za makutu sizinabwerere, nkhope inatsala ndi zipsera, ndipo zikope zinaonongeka kotero kuti maso ake anafunika mankhwala opaka moyo wake wonse. Madotolo anamvanso kuti mtima wake unali ndi phokoso losayenera pogunda. Dzina limene anampatsa linali Scarlett, limene m'Cingerezi limanena za kufiira kwa psuu, monga cinalili cikopa cake pamene ubweya unapserera.

Si onse anacira. Kamwana koyera, kamene kanali kofooka kopambana tonse, kanadwala matenda a kacirombo nikafa patapita mwezi umodzi cicitikire moto. Make anakatulutsa m'moto, madotolo anayesetsa, koma kanapita. Tinatsala tinai.

Pa nthawi imeneyi nkhani inali itafalikira. Manyuzipepala a mu New York anaisindikiza ndi zithunzi, wailesi ya kanema inaionetsa, ndipo maiko ena anaitola. Makalata anayamba kufika ku Port Washington, mpaka anakwana 7,000, opempha kuti apatsidwe Scarlett ndi ana ake. Munthu angaganize kuti pamenepa bvuto latha: mphaka amene dzulo analibe ngakhale khonde logonapo lero akulimbiranidwa ngati namwali wa kwa mfumu. Koma kuculuka kwa ofunsira sikupeputsa nchito ya ankhoswe. Kupulumutsa kunatenga mphindi zowerengeka, kuciza kunatenga miyezi itatu, pamene mphaka wosungidwa bwino m'nyumba amakhala zaka 12, 15, ngakhale kupitirira. Wosankhidwayo anafunika kukhala munthu amene adzakhalabe womufuna pamene atolankhani adzakhale ataiwala.

Cifundo cobwera ndi nkhani ya m'nyuzipepala cili ngati moto wa mapesi: cimayaka kwambiri koma sicicedwa kuzima. Munthu amaona cithunzi, misozi imalengeza, amatenga pepala nalemba usiku womwewo, ndipo zimene walembazo nzoona pa ola limenelo. Sanama ai. Kungoti sanaganizire za m'mawa wina patapita theka la caka, pamene adzafunika kugwira mphaka wophiriphitha ndi wokanda kuti ampake mankhwala m'maso, iye atacedwa kale ku nchito. Pa mulu waukulu cotere sipalepheranso kukhala ena amene mtima wawo uli pa kuchuka, kuti alendo akabwera awaonetse mphaka wa pa kanema. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope a mphaka uyu anali odziwika: mankhwala osatha, maulendo a kwa dotolo ndi ndalama zake, mtima wosadalirika, ndi nkhope imene ana ena akanaiopa.

Mabungwe otere ali ndi mafunso amene amafunsa aliyense wofuna ciweto. Amafuna kudziwa ngati mwini nyumba imene munthuyo amacita lendi amalola ziweto, ngati pakhomo pali agalu kapena ana ang'onoang'ono, ndani adzatsala ndi ciwetoco mwini akapita ulendo, ndiponso ngati onse a m'banjamo abvomereza kapena ndi mmodzi yekha amene watentheka mtima. Funso lopambana onse ndi lofuna kudziwa kumene cinapita ciweto cimene munthuyo anali naco kale. Yankho lake limaulula zambiri kuposa malonjezo onse. Amene anasunga galu mpaka anakalamba nafera pakhomo amayankha msanga, nthawi zina ndi misozi. Amene anangomusiya posamuka amayamba kuyang'ana kumbali. Ankhoswe anzeru nawonso sakhutira ndi mau okoma a mnyamata pa tsiku lofunsira. Amatuma munthu mwakacetecete kukaona mmene amakhalira ndi amake ndi alongo ake kwawo.

Palinso cina cimene cimalemetsa kusankha kotere, ndico mtima wa osankhawo. Munthu amene watsuka zilonda za nyama kwa miyezi itatu, naiona ikutsegula maso koyamba, samaiperekanso mosavuta monga amaperekera thumba la cimanga. Mmodzi wa anchito a pamalopo ananena kuti Scarlett anali kusungidwa ngati mfumukazi. Koma cipatala si mudzi. Pogona pake panali kufunika wodwala wina, ndipo mphaka wocira afunika khomo limodzi ndi munthu mmodzi woti amzolowere. Wopulumutsa aliyense amafika pa tsiku limeneli, lakuti apereke m'manja mwa mlendo cimene wabvutikira, ndipo akalakwitsa palibe amene adzamuuza. Nyama siingalembe kalata yodandaula. Ikagwera pa khomo loipa imangowonda mwakacetecete, kapena imapezeka tsiku lina yabwerera mumsewu umene inacokera.

Za tiana sizinabvute kwambiri. Kamphaka kakang'ono aliyense amakakonda, ndipo tinai timeneti tinacira bwino. A bungwe anatigawa tiwiritiwiri, natipereka kwa mabanja awiri a pa Long Island pomwepo. Kusatimwaza kamodzikamodzi kunali nzeru. Tiana tokulira pamodzi timafunditsana, timasewera tokhatokha, ndipo polimbana mwamasewera timaphunzira malire a mano ndi zikhadabo, cinthu cimene munthu sangakaphunzitse bwino kamphaka kokhala kokha.

Funso lalikulu linali la make. Kalata imene inapambana inacokera kwa mai wina wa ku Brooklyn komweko. Iye analemba kuti anabvulala pa ngozi ya pamsewu, ndipo pasanapite nthawi mphaka amene anali naye anafa. Ndi kuti zimenezi zinamfewetsa mtima kotero kuti sanafunenso ciweto cina koma cokhaco cofuna cisamaliro capadera. Apa ndi pamene kalatayi inaima payokha. Cimene wina akanaciona ngati mtengo wolipira kuti apeze mphaka wochuka, kwa mai uyu cinali cinthu ceniceni cimene anali kufuna. Munthu amene anagonapo wobvulala akudziwa zimene wathanzi sadziwa. Akudziwa kuti sabata loyamba ozonda amadzaza m'cipinda ndi nthoci ndi mau acitonthozo, lacitatu amacepa, ndipo pofika mwezi wacitatu pamatsala mmodzi yekha wobweretsa phala. Akudziwa kuti thupi lobvulala silibwerera mwakale ngakhale zilonda zitapola, ndi kuti anthu amayamba kuyang'ana cipsera asanayang'ane mwini wake. Woteroyo akanena kuti adzapaka mankhwala tsiku lililonse, akudziwa utali wa mau akuti tsiku lililonse.

Cotero Scarlett anabwerera ku Brooklyn, cigawo comweco cimene anali kudya za m'zinyalala, koma tsopano kuseri kwa citseko. Mphaka wamkulu wocokera mumsewu salowa m'nyumba monga kamwana. Amabwera ndi zimene anaphunzira: kuti phazi la munthu limakankha, kuti cakudya cimadyedwa mofulumira asanabwere wina, kuti phokoso lililonse ndi cizindikiro cothawira. Zimenezi zimacoka pang'onopang'ono, ndipo zimacotsedwa ndi munthu wosafulumira, woika mbale pa malo amodzi nthawi imodzi masiku onse, wodikira kuti nyamayo ibwere yokha kudzakhuza mutu pa mwendo wake.

Pali masamu ena amene nkhani zokoma zotere sizikonda kuwachula. Makomo amene analandira anali atatu okha. Otsala onse, pafupifupi 7,000, anabwerera cimanjamanja. Koma m'nyumba yomweyo ya ku Port Washington, ndi m'zina za mu mzindawo, munali amphaka ena odikira, athanzi, a makutu athunthu, amene colakwa cawo cinali cakuti palibe mtolankhani anawajambula. Aliyense wa okanidwawo amene anali kufunadi mphaka akanatha kutuluka ndi mmodzi sabata lomwelo. Amene anali kufuna Scarlett yekha basi anali kufuna nkhani yake. Kumeneku sikuwanyoza, pakuti mtima wa munthu ndi mmene ulili: umagwidwa ndi nkhope imodzi yokhala ndi dzina, pamene cikwi ca nkhope zopanda maina cimangoulambalala.

Ndipo mphaka wopanda mwini sagwa kumwamba. Kumbuyo kwa aliyense kuli khomo limene linamtaya, iyeyo kapena make kapena agogo ake. Mphaka wamkazi angatenge bere ali ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo angabereke kawiri kapena katatu pa caka, ana anai kapena asanu nthawi iliyonse. Ndico cifukwa cake mabungwe osunga nyama amacita opaleshoni yoletsa kubereka, kwa aakazi ndi aamuna omwe. Mangawa a munthu kwa mphaka ndi akale. Kholo la mphaka wa pakhomo ndi bvumbwe, mphaka wa m'chire wopezeka mu Africa ndi m'maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anthu a m'maiko amenewo atayamba kulima ndi kusunga tirigu ndi barele, mbewa zinatsata zokolola, ndipo bvumbwe anatsata mbewa. Pa cilumba ca Cyprus anafukula manda a zaka 9,500 mmene munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Popeza pa cilumbapo panalibe amphaka acilengedwe, anthu anacita kuwaolotsa pa bwato. Kuyambira kale limenelo pangano lakhala limodzi: mphaka amalonda nkhokwe, munthu amampatsa pogona. Wophwanya panganolo kawirikawiri sakhala mphaka.

Pangano lomwelo lilipo pa khomo lililonse lokhala ndi nkhokwe ya cimanga kapena ya nshawa, ndipo funso limene anali nalo a ku Port Washington limafika pamenepo caka ndi caka, kungoti popanda makalata. Mphaka waswa tiana tisanu, ndipo pakhomo sangasunge tonse. Njira yacidule ndi yodziwika: thumba, mwana wotumidwa, dambo lakutali. Ina imatenga nthawi pang'ono, ndiyo kudikira kuti tiana tikwanitse masabata asanu ndi atatu, tiyambe kudya tokha, kenaka kufunsa m'midzi yoyandikana, kwa a sitolo, kwa a cigayo, kwa aliyense amene akudandaula makoswe. Ndipo wopatsa ali ndi ufulu wosankha, ngakhale ofunsira ali awiri okha. Safunika mafunso olembedwa. Angopita kukaceza nayang'ana galu wa pakhomopo. Ngati nthiti zake zikuwerengeka, ndipo amathawa mwana akangotukula dzanja, yankho lapezeka.

Wolandira naye ayenera kuuzidwa zoona. Mphaka ndi nyama yodya nyama. Nsima yokhayokha simkwanira, afunika mitu ya kapenta, matumbo a nkhuku ndi zina zotero, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Cikhulupiriro cakuti mphaka wokhuta sagwira makoswe ncolakwika. Kusaka ndi cibadwa cake, ndipo wanjala ndiye amene amabvundukula mphika wa ndiwo kapena kusamukira kwa anansi. Masiku oyamba afunika kutsekeredwa m'nyumba mpaka atazolowera fungo la malo atsopano, apo ai amabwerera kumene anacokera.

Wobvuta kwambiri kumpezera malo ndi mphaka wacilendo, wowonda, wotulukira pakhomo usiku nayamba kulira. Ambiri amathamangira kuganiza za ufiti, miyala nkuyamba kuuluka. Kawirikawiri amakhala wa banja limene linasamuka nkumusiya, kapena mmodzi wa aja a m'thumba amene anapulumuka. Ngozi yeniyeni imene angabwere nayo ndi ciwewe, cimene cimagwira amphaka monga cimagwirira agalu. Nyama yacilendo yolusa popanda cifukwa, yotuluka dobvu, kapena yoyenda modzandira siyenera kugwidwa ndi manja, ndipo wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu matendawa sacizika. Koma wongolira njala, wosendera pang'onopang'ono atamuikira mbale, angasungidwe payekha poyamba, a za ziweto nkumuona ndi kumbaya katemera.

Scarlett sanadziwenso njala kapena kuzizira kuyambira pamene analowa m'nyumba ya mai uja ku Brooklyn. Dzina lake linapitiriza kuyenda panja: mabuku analembedwa za iye, ndipo bungwe limene linamciza linakhazikitsa mphotho yochedwa Scarlett Award for Animal Heroism, yoperekedwa kwa nyama zimene zapulumutsa anthu kapena nyama zinzake. Mwini dzina sanadziwe kanthu za izi. Moyo wake unali wa mbale, tulo, ndi dzanja lomwe lija lobwera ndi mankhwala a maso, m'nyengo yozizira ndi yotentha, atolankhani alipo kapena palibe. Pokalamba matenda anamculukira, monga zimakhalira ndi amphaka okalamba, ndipo cisamaliro cinakula m'malo mocepa. Anafa pa 11 October 2008, ali ndi banja lomwelo limene linamtenga, patapita zaka 12 ndi miyezi ingapo cicokere ku Port Washington.